Opaleshoni yatha: Nanga thupi libwerera bwanji m'chimake?

Amene mumakhala ku Mitundu, ku Nathenje, ku Malingunde ndi m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama mukudziwa kuti kwathu kuno ntchito siidikira munthu. Madzi ali kumjigo, nkhuni zili kutali, kudimba kukufuna kuthirira, ndipo mvula ikangogwa mu Novembala aliyense maso amakhala kumunda. Tsono munthu akachitidwa opaleshoni yaikulu ya pamimba, funso loyamba limene amatifunsa ife anamwino ndi lakuti, "Ndiyamba liti kugwira ntchito?" Pakapita miyezi ingapo ena amabwera ndi funso lina: "Bwanji thupi langa likungokula, mimba osabwerera?"

M'phunziro lino tiyankha mafunso awiriwa. Likukhudza amayi amene mwachira kudzera pa opaleshoni, amene munachotsedwa chiberekero kapena zotupa za m'chiberekero, komanso abambo amene munang'ambidwa pamimba chifukwa matumbo anapotana kapena kubooka. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti mwa ana 100 alionse obadwa m'Malawi, 6 amabadwa kudzera pa opaleshoni. Ndiye kuti palibe mudzi umene nkhaniyi siikuukhudza.

Amayi awiri

Pa zaka zanga za unamwino ndi uzamba ndaona njira ziwiri zimene anthu amalakwitsira. Ndikuuzani za amayi awiri, maina ndisunga.

Woyamba anali mlimi wa kumunsi kwa phiri. Anachira pa opaleshoni mwezi wa Okutobala. Patatha masabata atatu anaona kuti bala lauma, ndipo poona anzake akupanga mizere, naye anatenga khasu. Madzulo ankasenzanso ndowa. Mwana asanakwanitse chaka, pachipsera panatuluka chotupa chimene chinkakula akatsokomola n'kuphwa akagona chagada. Anali matumbo akukankha pamalo pamene mnofu wa m'kati unalekana. Anabwereranso kuchipatala kukachitidwa opaleshoni yachiwiri, ndipo chaka chimenecho munda unagonera.

Wachiwiri anali wa bizinesi pamsika. Iye anauzidwa ndi achibale kuti akangoyendayenda, ulusi uduka. Anakhala m'nyumba miyezi inayi, akumupatsa phala la shuga wambiri, tiyi ndi mandasi, nsima katatu pa tsiku. Pofika chaka anali atawonjezera makilogalamu oposa 10, mawondo akuwawa, msana ukuwawa, ndipo titamuyeza tinapeza kuti magazi ayamba kuthamanga kwambiri.

Wina anafulumira, wina anachita mantha. Onse awiri anavulala nazo. Njira yabwino ili pakati pa awiriwa.

Zimene zimachitika m'kati

Dokotala akamachita opaleshoni ya pamimba sadula khungu lokha. Pansi pa khungu pali mafuta, pansi pa mafuta pali chikopa cholimba choyera chimene chimakuta minofu ya pamimba, kenaka minofuyo, kenaka kansalu kopyapyala kokuta matumbo. Kwa mayi wochira, chiberekero nacho chimadulidwa n'kusokedwa.

Khungu limapola msanga, pa sabata imodzi kapena awiri. Koma chimene chimagwira matumbo kuti asatuluke ndi chikopa cholimba chija, ndipo icho chimachedwa. Pa masabata 6 chimakhala chitangoyamba kulimba bwino. Pa miyezi itatu mpamene chimafika pafupi ndi mphamvu zake zakale, ngakhale kuti chipsera sichilimba ndendende ngati mnofu wosadulidwa. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Bala louma pamwamba lisakunamizeni.

Komanso kugona kwambiri kuli ndi zoopsa zake. Munthu akangogona, magazi amayenda mochedwa m'miyendo ndipo amatha kuundana. Chibuluma cha magazi oundanawo chikathothoka n'kukafika kumapapo, munthu amatha kufa mwadzidzidzi. Kugona kumabweretsanso chibayo, kudzimbidwa ndi kufooka kwa minofu. N'chifukwa chake anamwino amakudzutsani tsiku lotsatira opaleshoni ngakhale mukumva kuwawa. Si nkhanza ayi, ndi mankhwala.

Gawo loyamba: muli m'chipatala

Yambani muli pabedi pomwepo. Pindani ndi kuwongola mapazi, kuwazunguliza pa akakolo, kakhumi ola lililonse mukakhala maso. Kokani mpweya wambiri pang'onopang'ono kudzera m'mphuno mpaka nthiti zitambasuke, kenaka tulutsani pakamwa, kasanu.

Pofuna kutsokomola, kuyetsemula kapena kuseka, pindani chitenje n'kuchigwirizira pabala ndi manja onse awiri. Musaope kutsokomola, chifukwa makhololo akatsalira m'chifuwa ndiwo amayambitsa chibayo.

Podzuka musadzuke chagada ngati mmene mumachitira masiku onse. Pindani mawondo, tembenukirani kumbali, tsitsani miyendo, kenaka dzikankheni ndi dzanja. Khalani kaye pang'ono kuti chizungulire chithe musanaimirire. Namwino akalola, yendani m'wodi mothandizidwa ndi wokudikirirani. Imwani mankhwala opha ululu monga mwauzidwa, chifukwa munthu amene akumva kuwawa kwambiri sayenda ndipo sapuma mokwanira.

Gawo lachiwiri: masabata 6 oyamba kunyumba

Lamulo la nthawi imeneyi ndi losavuta: yendani, koma musanyamule.

Sabata yoyamba yendani pabwalo mphindi 5, kawiri kapena katatu pa tsiku. Sabata iliyonse onjezerani mphindi 5. Pofika sabata ya 6 anthu ambiri amatha kuyenda mphindi 30 pamalo athyathyathya osapumira. Ngati lero mwayenda ndipo mawa mwadzuka ululu utakula kapena magazi akutuluka kwambiri kuposa dzulo, ndiye kuti mwapyola muyezo. Bwererani pamene munali.

Musanyamule chinthu cholemera kuposa khanda lanu. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, pamene khanda lobadwa kumene limalemera pafupifupi makilogalamu atatu. Thumba la chimanga kapena la feteleza ndi makilogalamu 50. Kusinja, kupopa mjigo, kuwaza nkhuni, kulima, kusenza mtolo, kukankha njinga ya makala, kuchapa mabulangete mutawerama, zonsezi zidikire. Ngakhale mwana wanu wamkulu wa zaka ziwiri musamunyamule. Khalani pansi, iye abwere yekha pamiyendo.

Ulendo wa panjinga yamoto m'misewu yathu ya mabampu upeweni ngati n'kotheka. Pamene palibe kuchitira mwina, monga popita kusikelo, uzani wakabaza kuti aziyenda pang'onopang'ono, inu mutagwirizira pamimba.

Pali masewero awiri amene mungachite mwakachetechete m'nthawi imeneyi.

Oyamba ndi olimbitsa minofu ya kunsi, imene imagwira chikhodzodzo, chiberekero ndi njira ya chimbudzi. Minofu imeneyi imafooka ndi kulemera kwa pakati, ngakhale mwana atabadwa pa opaleshoni. Paipi ya mkodzo ikachotsedwa, yambani. Finyani kunsi ngati mukuletsa mphweya woipa ndi mkodzo kuti zisatuluke, gwirani mukuwerenga mpaka 5, kenaka masulani. Chitani kakhumi, katatu pa tsiku. Mukazolowera muziwerenga mpaka 10. Musabanike, musafinye matako kapena ntchafu, ndipo musamachite izi pamene mukukodza. Masewerowa anawatchukitsa dokotala wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948, ndipo mpaka lero ndiwo thandizo loyamba kwa mayi amene mkodzo umadontha akatsokomola. Abambo nawo amawathandiza.

Achiwiri ndi odzutsa minofu ya m'kati mwa mimba. Gonani chagada, mawondo mutapinda. Potulutsa mpweya, kokerani mchombo m'kati pang'ono ngati mukumanga chitenje chothina, gwirani mukuwerenga mpaka 5 uku mukupuma bwinobwino, masulani. Yambani ndi kasanu.

Nanga kumanga pamimba ndi nsalu monga amatilangizira anakubala? Nsalu yoyera, yomangidwa mosathina ndiponso yosakhula bala, imathandiza ena kumva bwino poyenda. Koma dziwani kuti nsalu siibweza mimba. Imene imabweza mimba ndi minofu, ndipo minofu imalimba ndi ntchito. Pabala musapakepo phulusa, mankhwala azitsamba kapena mafuta alionse. Lisambitseni ndi madzi oyera ndi sopo, liumitseni bwino.

Gawo lachitatu: kuyambira sabata ya 6 kufikira ya 12

Musadumphe ulendo wa kuchipatala wa pa masabata 6. Kaya mumapita ku Mitundu, ku Nathenje, ku Mlale, ku Likuni kapena ku Nkhoma, tengani kabuku kanu ka kuchipatala, akuoneni bala, akuyezeni magazi ndi sikelo, ndipo funsani mosabisa kuti, "Kodi ndingayambe ntchito ziti?" Amene munachitidwa opaleshoni ku Kamuzu Central kapena ku Bwaila ndipo anakulemberani tsiku lobwerera, lisungeni. Ngati dokotala wanu wakupatsani malangizo osiyana ndi amene ndalemba pano, tsatirani ake, pakuti iye ndiye anaona m'kati mwanu. Izi zikukhudza makamaka amayi amene anasokedwa fistula ndi odwala khansa.

Akakulolani, yambani kuyenda ndawala. Muyezo wake ndi uwu: muzitha kucheza ndi mnzanu, koma musathe kuimba. Ngati mukutha kuimba nyimbo yonse, onjezerani liwiro. Ngati mukulephera kumaliza chiganizo, chepetsani.

Onjezeraninso izi, masiku awiri kapena atatu pa sabata:

1. Kukhala ndi kuimirira pampando osagwira ndi manja, kakhumi.
2. Kugona chagada mawondo mutapinda, n'kukweza matako m'mwamba pang'onopang'ono, kakhumi.
3. Kuima moyang'ana khoma, manja pakhoma, n'kumapinda ndi kuwongola zigongono, kakhumi.
4. Kukwera ndi kutsika pakhonde kapena pa sitepe imodzi, kakhumi mwendo uliwonse.

Ntchito za pakhomo zibwerere pang'onopang'ono. Yambani ndi chigubu cha malita 5, kenaka ndowa yosadzaza. Ponyamula chinthu pansi, pindani mawondo, chiyandikizeni kuthupi, finyani minofu ya kunsi, ndipo tulutsani mpweya pamene mukudzuka. Kubanika ponyamula ndiko kumakankha chipsera.

Amayi, yesani ichi. Gonani chagada, pindani mawondo, dzutsani mutu pang'ono, ndipo pisani zala pamwamba pa mchombo. Ngati pakati pa minofu iwiriyo pakulowa zala zoposa ziwiri, kapena pakutukuka kamzere ngati mzere wa mbatata, minofu yanu sinabwererane. Pitirizani masewero okokera mchombo m'kati aja, pewani kudzuka chagada, ndipo muuzeni namwino.

Gawo lachinayi: miyezi itatu ikatha

Apa anthu ambiri amatha kubwerera kumunda, kudimba ndi kunjinga, koma moyambira pang'ono: ola limodzi tsiku loyamba, osati kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa paliwombo. Kuthamanga, kudumpha chingwe, mpira wa manja ndi magule odumphadumpha ziyambe panthawi imeneyi, pokhapokha ngati mkodzo sukudontha ndipo kunsi sikukulemera.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, likuti munthu wamkulu azichita zinthu zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso zolimbitsa minofu masiku osachepera awiri. Mphindi 150 ndi mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Simufunika nyumba ya masewero kapena nsapato zodula. Kuyenda wapansi popita kumsika, kupalasa njinga, kupalira ndi kuvina, zonsezi zimawerengedwa.

Mwina mukuti, "Ine ndine mlimi, masewero ndi a anthu a m'tauni." N'zoona kuti m'dzinja mlimi amagwira ntchito yoposa muyezo umenewu. Koma taganizani za miyezi ya pambuyo pokolola, chakudya chili chambiri, ntchito yachepa, maukwati ndi zinkhoswe zili motsatana. Taganizaninso za aphunzitsi, ogulitsa m'maokala, osoka ndi ogwira ntchito m'maofesi a ku Bunda, amene amakhala pampando tsiku lonse ndipo ulendo uliwonse ndi wa kabaza. Komanso khasu limalimbitsa mikono ndi msana, koma silifika pa minofu ya kunsi ija.

Za kulemera kwa thupi

Kwathu kuno mayi akanenepa timati bambo akusamala. Kuonda kumachititsa manyazi, anthu amayamba kunong'ona za matenda. Maganizo amenewa tiyenera kuwaunikanso. Kafukufuku wa 2015-16 uja anapeza kuti mwa amayi 100 a zaka 15 mpaka 49, okwana 21 anali olemera kupyola muyezo, pamene oonda kwambiri anali 7. Kafukufuku wina wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kunenepa kwambiri kumaitana vutoli pamodzi ndi matenda a shuga. Kwa munthu wa opaleshoni kumawonjezeranso china: mafuta a pamimba amakankha chipsera usana ndi usiku, ndipo opaleshoni ina ikadzafunika, bala limavuta kupola.

Mungadziwe bwanji ngati mwapyola? Kuchipatala timatenga kulemera kwanu m'makilogalamu n'kugawa ndi msinkhu wanu m'mamita wochulukitsidwa ndi womwewo. Mwachitsanzo, mayi wotalika mamita 1.6 wolemera makilogalamu 72: 1.6 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 2.56, ndipo 72 kugawa ndi 2.56 ndi 28. Muyezo wabwino ndi kuyambira 18.5 mpaka 24.9. Kuyambira 25 ndiye kuti mwapyola, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kodetsa nkhawa. Mayi ameneyu akanayenera kukhala pa makilogalamu osapitirira 64.

Kunyumba gwiritsani ntchito chingwe. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pakati, ndipo chizungulizeni pamimba, cha pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati nsonga zake sizikukumana, mafuta a pamimba achuluka. Muyezo umenewu si wa mayi woyembekezera kapena amene wangochira kumene.

Koma chenjerani ndi nthawi. Masabata 6 oyamba si nthawi yochepetsa thupi. Bala limamangidwa ndi chakudya, makamaka nyemba, nandolo, soya, mtedza, mazira, usipa, matemba, nyama ndi mkaka, pamodzi ndi zipatso monga magwafa, malalanje, mango ndi mapapaya. Ngati anakupatsani mapiritsi owonjezera magazi, amalizeni, chifukwa munthu wochepa magazi amatopa msanga ndipo sangathe kuyenda. Amene mumamwa ma ARV kapena mankhwala a shuga musadumphitse. Fodya ndi mowa zimachedwetsa bala. Ngakhale m'nyengo ya Lenti, Mpingo sukakamiza wodwala kapena mayi woyamwitsa kusala chakudya.

Masabata 6 akatha, ngati mwapyola muyezo, cholinga chikhale kutsika pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata, osaposa apo. Mayi woyamwitsa amafunika chakudya choonjezera, ndipo mwana ayenera kuyamwa bere lokha kwa miyezi 6, choncho musadzimane chakudya. Chimene musinthe ndi kagawidwe ka m'mbale. Idyani kuchokera m'magulu onse 6 a zakudya, koma theka la mbale likhale ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru ndi kholowa. Mitanda ya nsima ichepe, ndipo ikhale ya mgaiwa, umene umakhalitsa m'mimba ndi kuthandiza kudzimbidwa. Amene mumadya mitanda inayi tsikani pa itatu, kenaka iwiri.

Kumene ambiri amagwera ndi ku zakumwa. A WHO amalangiza kuti shuga woonjezera asapyole masipuni aang'ono 12 pa tsiku, ndipo ndi bwino koposa atakhala 6. Tsono werengani: makapu atatu a tiyi, iliyonse masipuni atatu, ndi 9 kale. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi lili ndi masipuni oposa 7. Onjezanipo thobwa lotsekemera ndi phala. Kuyenda kwa mphindi 30 kumatha kufafanizidwa ndi botolo limodzi ndi mandasi awiri. Mchere nawo usapyole sipuni yaing'ono imodzi pa tsiku. Mafuta ophikira muziyeza ndi sipuni, osati kungothira kuchokera m'botolo, ndipo tchipisi, kanyenya ndi zitumbuwa zikhale za apo ndi apo. Mankhwala ndi matiyi ogulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp onena kuti amasungunula mafuta, asiyeni. Ambiri amangotsegula m'mimba, ndipo mukuyamwitsa simudziwa chimene chikupita kwa mwana.

Si onse amene amanenepa pambuyo pa opaleshoni. Ena, makamaka a opaleshoni ya matumbo, amaonda. Ngati sikelo ikungotsika musakufuna, pitani kuchipatala.

Mawu kwa abambo ndi achibale

Mutu umodzi susenza denga. Mayi woyamba uja sanatenge khasu chifukwa cha umbuli wokha, koma chifukwa panalibe womulimira. Bambo, miyezi itatu imeneyi ndowa ndi yanu, nkhuni ndi zanu, munda ndi wanu. Apongozi, musamutche mkamwini kapena mtengwa wanu waulesi. Ndipo musamutsekere m'nyumba: ngakhale ali m'chikuta, mayi aziyenda m'nyumba ndi kuseri kwa nyumba. A mumphakati ndi a bungwe la amayi, pokazonda wodwala musangonyamula shuga ndi Sobo. Nyamulani mazira, nyemba ndi zipatso, mutungireni madzi, gawanani masiku omulimira, ndipo mmodzi wa inu aziyenda naye madzulo.

Banja likambiranenso za mimba yotsatira. Chipsera cha pachiberekero chimafunika nthawi, ndipo malangizo ndi akuti papite zaka ziwiri mayi asanatengenso pakati. Pakati potsatirapo ayambe sikelo msanga ndipo akachirire kuchipatala chimene chimachita opaleshoni.

Thamangirani kuchipatala mukaona izi

1. Kutentha thupi kapena kunjenjemera.
2. Bala kufiira, kutupa, kutuluka mafinya kapena madzi, kapena kutseguka.
3. Mwendo umodzi kutupa, kutentha ndi kuwawa kumbuyo kwake.
4. Kubanika kapena kuwawa pachifuwa mwadzidzidzi.
5. Kutaya magazi ambiri, kapena zotuluka kunsi zonunkha.
6. Mimba kutupa, kusanza, ndi kulephera kuchita chimbudzi kapena kutulutsa mphweya.
7. Chotupa pachipsera chimene chimakula mukatsokomola.
8. Mutu waukulu ndi kuona zinthu mwachimbuuzi kwa mayi amene wangochira.
9. Kukhumudwa kosatha, kulira kawirikawiri, kapena maganizo odzipweteka.

Zizindikiro zimenezi sizidikira kuti kuche kapena kuti tsiku la msika lifike.

Mafunso okambirana m'magulu

1. M'mudzi mwathu, ndi ntchito ziti zimene munthu wa opaleshoni amakakamizika kuyamba msanga? Tingamulandire bwanji?
2. Ndi zikhulupiriro ziti za kunenepa ndi kuonda zimene timamva? Zoona ndi ziti?
3. Aliyense awerenge masipuni a shuga amene anamwa dzulo. Angachotsepo angati kuyambira mawa?
4. Ndani pakati pathu amene anachitidwa opaleshoni m'miyezi itatu yapitayi, ndipo ndani aziyenda naye sabata ino?